Amene Analamula pa Mlatho

4 Malichi

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi amayi ndi alamu. Ine thupi lilibe vuto.

Kalatayi muwerenge muli nokha m'shopu, musanapite nayo kunyumba. Mzime wathu watisiya. Anaphedwa Lachiwiri m'mawa pa mlatho wa njanji, pamodzi ndi asilikali khumi ndi anayi a pulatuni yake. Ine ndinali kumbuyo ndi mabokosi a zipolopolo, ndiye ndinamupeza atatha kale. Ndinamupukuta nkhope ndekha, ndipo tinamuika pamalo okwera pomwe madzi safika.

Mukudziwa kuti chibwerere kuno ndakhala ndikumuchitira sawatcha, iye lefutenanti ine sajeni, mwana amene ndinkamubereka kumsana. Ankachita nazo manyazi. Nthawi zonse ankandinong'oneza kuti, "Achimwene, tsitsani msanga dzanjalo." Pamanda paja ndinaliimika mpaka linachita dzanzi.

A Kaputeni athu anayankhula bwino pamaliro. Zina sindingalembe. Wotchi yake ndi mphete ndasunga. Mundiuze mmene amayi ailandirira nkhaniyi, ndipo alamu, mkazi wa Mzime, muwasamale poti ndi oyembekezera.

Ine mlongo wanu.

21 Malichi

Mlongo wanga,

Moni. Tili moyo, koma usafunse kuti tili bwanji.

Kalata yako inafika Lolemba, ndipo Lachinayi kunabwera ina ya chidindo cha boma. Akuti Mzime anatenga pulatuni yake n'kuwoloka mlatho popanda lamulo, moti imfa ya anthu khumi ndi anayi aja ili pamutu pake. Akuti dzina lake silidzalembedwa pa khoma la kubaraki pomwe amalemba ogwa pankhondo. Alamu ako awatulutsa m'nyumba ya maofesala. Ali kuno, akugona m'chipinda chako chija.

Atatu mwa anyamata anafawo ndi a mumsewu wathu uno. Mayi wa mmodzi anabwera kushopu Loweruka, anatenga nsalu yake yomwe ndinali nditadula kale, kenako analavulira pa makina anga. Ndinangopukuta. Amayi asiya kutuluka pakhomo. Amakhala pampando wa pakhonde la kuseri, kuyang'ana chingwe choyanikira zovala.

Iwe Mzime ukumudziwa. Mwana uja ankapempha chilolezo ngakhale chotsegula zenera. Awoloke mlatho osauzidwa? Dzulo ndinatseka shopu, ndinapita kuchipatala cha asilikali kukafunsa ovulala mmodzimmodzi. Ambiri anadzigonetsa. Wina woduka mkono anayang'ana uku ndi uku, n'kundiuza pansipansi kuti ndikafunse Kaputeni. Zina anakana kunena.

Tsono undiuze. Kumeneko amalamula ndani, ndipo tsiku limenelo analamula ndani? Ngati ndi Kaputeni wakoyo, mfuti uli nayo m'manja tsiku ndi tsiku, ndipo sindingakuphunzitse ntchito yako. Ine kuno ndili ndi sizasi yokha.

Mchemwali wako.

9 Epulo

Okondedwa Achemwali,

Ndalandira kalata yanu, ndipo ndamva chisoni ndi za amayi. Muwapatse moni wanga, muwauze kuti azidya.

Mwafunsa za kalamulidwe ka kuno. Gulu lathu, lomwe timalitcha kampani, lili ndi asilikali zana limodzi ndi makumi awiri, ndipo amalitsogolera ndi a Kaputeni. Pansi pawo pali malefutenanti atatu, aliyense ndi pulatuni yake. Ife masajeni ndi makopolo tili pansi pa malefutenantiwo, ntchito yathu ndi kuona kuti zimene akuluakulu anena zachitika. Pamwamba pa a Kaputeni pali a Kenolo, omwe amayang'anira makampani anayi ali kutali ndi utsi. Lamulo kuno lili ngati madzi a padenga. Limatsika, silikwera.

A Kaputeni ndi munthu wabwino, wosamala anthu ake. Sabata yatha ndakwezedwa kukhala sajeni meja wa kampani yonse, ndipo anandilembera ndi iwowo. Tsopano ndimayenda pambali pawo tsiku lonse, ndipo palibe sajeni wondiposa.

Za woduka mkono uja musazitengere kumtima, ululu umayankhulitsa munthu zambiri. Madzi akatayika saoleka. Tiyeni tisamale otsalawa.

Ngati mungathe, munditumizire masokosi awiri ochindikala.

Ine mlongo wanu.

24 Epulo

A Sajeni Meja,

Ndikuti inu tsopano, poti mwakula. Moni wanu ndapereka.

Kalata yanu ndinawawerengera amayi kawiri, chifukwa koyamba anati ndalakwitsa powerenga. Nditamaliza kachiwiri anadzuka, anakalowa m'chipinda, n'kutseka chitseko. Alamu anu anangopitiriza kusenda mbatata mpaka inatha m'manja.

Ndiye mtengo wa Mzime ndi umenewu, kansalu ka pamkono? Ine ndimasoka nyota za asilikali chaka chino chakhumi, ndikudziwa kulemera kwake. Sikafika ngakhale kulemera kwa batani la jekete.

Tili ana, galu wa oyandikana nafe atamuluma Mzime pamwendo, munamudikirira galu uja masiku atatu kuseri kwa mpanda, muli ndi chitsulo cha bedi m'manja. Bambo anakukwapulani, inu osalira, mukuti bola galuyo sadzalumanso munthu. Mnyamata ameneyo anapita kuti? Kapena anamuika limodzi ndi mng'ono wake pamalo okwera paja?

Chithunzi chanu cha yunifolomu ndachichotsa pabalaza. Chili m'shopu, pansi pa mwendo wa makina umene umagwedera uja, ndipo ntchito chikuigwira bwino. Masokosi akakupatseni munthu wabwinoyo.

Mundimvetse. Tsiku limene Kaputeni wanuyo adzaponde mumzinda muno, ndidzamufuna ndekha, ndipo sindidzafunsa chilolezo kwa mkulu aliyense. Musandilemberenso.

Mwana woyamba wa amayi anu.

12 Epulo

Achemwali,

Moni nonse. Kalata iyi sikudzera kupositi. Ndamupatsa dalaivala wa ambulansi amene amatula ovulala kumeneko, ndipo sindikudziwa kuti ifika liti. Ngati ija ndinalemba masiku atatu apitawo yafika kale, ndiye kuti mwanditukwana. Mwachita bwino.

Makalata obwera kuno satsegula, koma onse otuluka amawerenga Kaputeni yekha asanamate. N'chifukwa chake ndinalemba zija.

Zoona ndi izi. Tsiku lija a Kenolo analamula kuti munthu asayandikire mlatho mpaka masana, mizinga ikuluikulu itayamba yaphwanya tsidya linalo. Kaputeni sanafune kudikira. Kulikulu kuli mpando wa meja, udindo woposa wa kaputeni, wopanda munthu, ndipo iye ankafuna kuti mlathowo autenge iyeyo kampani ina isanafike, kuti mpandowo ukhale wake. Anaitana Mzime pa wailesi, namuuza kuti awoloke. Mzime anakana kawiri, anati tsidya kuli mfuti yachiwaya yomwe akuiona ndi maso. Kachitatu Kaputeni anati, "Woloka, apo ayi ndikakuimika pa khoti la asilikali ngati wamantha." Mzime anadzuka, anatsogola yekha.

Wandiuza zimenezi ndi kopolo amene amanyamula wailesi ya Kaputeni, mnyamata wamtali timamutcha Mlongoti. Anamva zonse, ndipo anazilemba m'buku la mauthenga monga mwa ntchito yake. Zitavuta, Kaputeni anang'amba tsambalo n'kuliyatsa ndi machesi, Mlongoti akuona. Anabwera kudzandiuza yekha ndikuwerengera anthu chakudya. Akanatha kukhala chete.

Ndinafunsa njira yodandaulira kwa a Kenolo. Akuti dandaulo la sajeni liyenera kudzera kwa kaputeni wake, asaine, kenako likwere. Mwamva? Mbuzi ikadandaule kwa fisi kuti ana ake akusowa. Ndipo mawu a kopolo ndi a kaputeni akaikidwa pa sikelo, kolemera mukukudziwa.

Nyota wandipatsayi ndi yotseka pakamwa, komanso akufuna ndizikhala pomwe akundiona. Ndailandira ndi manja awiri. Ndimamuthirira madzi osamba m'manja, ndimaseka nthabwala zake.

Kumuwombera ndikhoza ngakhale mawa. Msana wake ndimauona tsiku lonse, ndikudziwa pomwe malaya ake amayambira kunyowa thukuta. Koma akafa ali chete, adzamuika ndi mbendera ndi malipenga, bodza lake n'kusanduka choonadi mpaka kalekale. Ine ndikufuna anene yekha, ndi pakamwa pake, anthu akumva. Tsiku lake sindikulidziwa, koma kudikira ndimatha.

Mukawerenga muotche.

Mlongo wanu.

11 Meyi

Mlongo wanga,

Moni. Dalaivala uja wafika dzulo. Akuti kalata yako inayenda mwezi wathunthu mu nsapato yake chifukwa anamutumiza njira ina. Fungo lake ndi umboni.

Chithunzi ndachibwezera pabalaza. Galasi lasweka pakona, koma wachititsa ndiwe. Kalatayo ndinawawerengera amayi ndisanaiotche, ndipo madzulo ake anapempha okha chakudya. Masokosi ali m'phukusili.

Tsopano tamvera. Lachitatu lapitali kushopu kunabwera mayi wina wonunkhira, pagalimoto ya asilikali, ndi nsalu yobiriwira yodula. Sanadziwe kuti ndine ndani. Ndikumuyeza anayamba kudzitama kuti diresilo ndi la mwambo wa mwamuna wake, yemwe akukwezedwa kukhala meja pakati pa Julayi, ndipo achoka kutsogoloko kukakhala mu ofesi kulikulu. Atatchula kampani yake, mapini ndinali nawo pakamwa anatsala pang'ono kundilowa kukhosi. Ndi mkazi wa Kaputeni wako.

Tepi nditaizunguliza pakhosi pake ndinachedwa kuwerenga nambala, mpaka anafunsa ngati maso akundivuta. Ndinati inde mayi, ndi ukalamba. Diresilo ndimusokera, ndipo likhala labwino kuposa onse ndinasokapo, kuti adzaonekere patali tsiku la manyazi ake.

Wati kudikira umatha. Uli ndi miyezi iwiri. Akangolowa mu ofesi ya makatani, sudzamuonanso ngakhale msana umenewo. Usandiuze za njira zoyenera. Mzime anatsata njira zoyenera.

Mchemwali wako.

2 Juni

Okondedwa Alamu,

Ndikhulupirira kuti Mulungu akukusungani. Ndakulemberani kuti mudziwe kuti mwana anabadwa pa 20 Meyi, wamkazi. Makutu ndi a bambo ake, oima aja munkawaseka.

Achemwali sakudziwa kuti ndalemba. Amayi anandiuza zimene zinali m'kalata ija, ndipo kuyambira pamenepo mtima suli m'malo. Achemwali masiku ano amayankhula okha akamasoka, ndipo pa khoma la m'shopu apachika kalendala yomwe amadula tsiku lililonse ndi choko.

Ine sindikufuna magazi a munthu, alamu. Ndikufuna pepala limodzi lokha la boma, lotsuka dzina la bambo ake, lodzamuonetsa mwanayu akadzayamba kumva zimene anzake akunena kusukulu. Ngati pepalalo silingapezeke popanda inu kuonongeka, lisiyeni. Bambo alibe kale. Mubwere adzakhale ndi womutcha bambo wamkulu.

Ine mlamu wanu, mkazi wa Mzime.

6 Julayi

Achemwali,

Moni kwa inu, kwa amayi, kwa alamu ndi mlendo wathu. Ndikulemba ndili m'chipinda chotsekera asilikali olakwa, kulikulu. Sindinavulale. Kalatayi aiwerenge amene akufuna, palibenso chobisa.

Pa 28 Juni masana tinkadutsa pabwalo la fakitale ya njerwa yomwe inasiyidwa. Kaputeni anali patsogolo ndi Mlongoti. Mabomba anayamba kugwa tisanafike pakati. Ife tinathawira kuseri kwa mauvuni, koma awiriwo anatsalira m'dzenje lokumbamo dothi, mapazi mazana awiri kuchoka pomwe tinali, poonekera adani. Lefutenanti mmodzi anafera pomwepo, wina chitsulo chinamulowa pachifuwa, ndipo malo a Mzime anali asanabweretsepo munthu. Mwa lamulo lawo lomwe, ofesala akatha kampani imagwera sajeni meja. Inagwera ine.

Kenako wailesi inalira. Anali Kaputeni, akuti mwendo waphwanyika, nditumize anthu ndi mabomba a utsi akamutenge. Ankayankhulira pa nambala ya wailesi imene a Kenolo ndi makampani onse anayi amamvera. Ndinaona kuti tsiku lija ndi limeneli.

Ndinamuyankha mwaulemu wonse. Ndinati, "Bwana, ndikubwera ndekha kudzakutengani. Koma muyambe mwatiuza, analamula kuwoloka mlatho ndani?"

Anati akundilamula. Ndinamukumbutsa kuti wovulala salamula, kampani ili m'manja mwanga. A Kenolo analowerera, akukalipa kuti ndichite zimene ndauzidwa, ndipo ine ndinati sindikuwamva bwino. Kaputeni anatukwana, anandilonjeza khoti, kenako anayamba kuchonderera, akutchula ana ake. Asilikali onse kuseri kwa mauvuni ankandiyang'ana. Palibe anadzuka. Ndinaika wotchi ya Mzime pa njerwa, ndikuyang'ana mivi ikuyenda. Sindikubisirani, Achemwali, mtima wanga unali mbee ngati ndamwa madzi ozizira.

Patatha mphindi makumi anayi ananena. Ndinamuuza kuti abwereze, atchule udindo wake, tsiku ndi ola, ndiponso zimene anachita ndi tsamba la m'buku. Anabwereza zonse akulira. Anthu oposa mazana anayi anamva kapena anauzidwa ndi amene anamva.

Tinaponya utsi, ndinathamanga ndi anthu atatu. M'dzenjemo ndinapeza Mlongoti atatsamira dothi, maso ali otsegula, buluku lonse lili magazi. Chitsulo cha bomba loyamba lija chinamudula mtsempha wa pantchafu. Nditamubereka Kaputeni kumsana, anandiuza m'khutu kuti manja ake omwe anali ovulala, ndipo amene ankamugwirira choyankhulira cha wailesi pakamwa nthawi yonseyo anali Mlongoti, mpaka dzanja linagwa. Anati mnyamatayo sanapemphe kanthu. Ankangomuuza kuti, "Nenani, bwana."

Ndinabwerera kachiwiri kukatenga mtembo wa Mlongoti, zipolopolo zikadali kugwa. Wachipatala wathu atauona anati tikanafika m'mphindi khumi ndi zisanu zoyamba, lamba yekha womanga pantchafupo akanakwanira kumupulumutsa.

Mphindi makumi anayi zonsezo sindinafunse za iye ngakhale kamodzi. Ndinkadziwa kuti ali m'dzenjemo. Ndinamuona akugweramo.

Nyota andivula, ndipo khoti ndi mwezi wamawa. Akuti mwina zaka ziwiri. Kaputeni amudula mwendo, ali kuchipatala cha kwanuko, ndipo akuluakulu atsegulanso nkhani ya pa mlatho. Alamu muwauze kuti pepala lawo libwera.

Mlongo wanu.

29 Julayi

Mlongo wanga,

Moni. Tonse tili bwino, mwana akuyamwa ngati walipidwa.

Pepala linabwera Lolemba. Akuti atafufuzanso apeza kuti malemu lefutenanti anachita monga analamulidwa, ndipo anatsogolera anthu ake molimba mtima. Kupepesa mulibemo, koma chidindo chilipo. Lachitatu tinapita kubaraki kukaona mmisiri akulemba dzina lake pa khoma. Amayi anavala nsapato zawo zakuda, anayenda pakati pa msewu kupita ndi kubwera, akupereka moni kwa aliyense, ngakhale amene anatitembenuzira nkhope miyezi yonseyi.

Kuchipatala ndinapita. Ndinamupeza Kaputeni wakoyo ali m'chipinda chayekha, mlonda ali pakhomo, bulangete litaphwa mbali imodzi. Ndinaima kumapazi kwa bedi, ndinamuuza kuti ndine ndani, ndipo ndinamuwerengera mayina khumi ndi asanu mmodzimmodzi, mosathamanga. Anatseka maso. Ndinadikira mpaka anatsegula, n'kuyambiranso. Chisoni sindinamve, ndipo sindinamizira kuti ndinamva.

Ndinaganiza kuti nkhani yatha. Koma dzulo m'mawa ndikudula malaya, pakhomo la shopu panaima mtsikana ndi chikwama cha paulendo, mwana wina kumsana wina padzanja. Anayenda maola asanu ndi awiri pa basi, akufunsa anthu komwe kumakhala abale a sajeni meja. Ndi mkazi wa Mlongoti.

Kalata imene boma linamulembera ikuti mwamuna wake anafa ndi bomba, ndipo sajeni meja anaika moyo wake pachiswe kukatenga mtembo kuti usatsalire kwa adani. Zina sanamuuze. Anabwera kudzathokoza. Anagwira manja a amayi, anati anabala mwana wamtima, ndipo mwamuna wake ankakutchula m'makalata onse ngati mkulu wake. Amayi anayang'ana ine. Ine ndinapita kukatereka madzi a tiyi, ndipo ndinaima kukhitchini mpaka ketulo inatsala pang'ono kuuma.

Akumwa tiyi anandifunsa ngati unandilemberapo za tsikulo. Akufuna kudziwa ngati mwamuna wake anavutika, ngati anafa msanga, ngati ananena mawu alionse. Kalata yako inali m'thumba la epuloni yanga. Ndinamuuza kuti amene angayankhe bwino ndi amene analipo.

Ndinakutuma ndine, ndinakuwerengera masiku ndine, ndipo gawo langa ndikulidziwa. Ukanandifunsa tsiku lija kuseri kwa mauvuni, ndikanati dikira ola lathunthu. Koma wailesi inali m'manja mwako, ndipo mphindi zimenezo unaziona ndiwe.

Anapempha adiresi yako. Ndinamulembera pa kapepala ka miyeso, ndipo anaipinda bwinobwino n'kuiika m'kati mwa bulauzi. Akuti akulembera akangofika kwawo.

Umuyankhe.

Mchemwali wako.